Mwana sakuloza, sakucheuka: zoyamba kuchita pakhomo ndi m'dera lanu

Mwana wanga wachiwiri ali ndi miyezi 20 ankakonda zitsekerero za mabotolo kuposa munthu aliyense. Ankazitola kuseri kwa hokala yoyandikana nafe ku Area 25, n'kumazindandalika m'mphepete mwa khonde, mzere woongoka kuti nyoo. Wina akasuntha chimodzi chokha, kulira kwake kunkamveka mpaka kumsewu. Ndikamuitana dzina sankacheuka, koma jumbo ya zitumbuwa ikangoti khwakhwa m'nyumba ankathamangira komweko. Akafuna madzi ankagwira dzanja langa n'kuliika pachivundikiro cha ndowa, maso ali kwina.

Aliyense ankati ndidikire, anyamata amachedwa kuyankhula. Ndinadikira pafupifupi chaka chathunthu, ndipo chaka chimenecho chimandiwawabe mumtima. Choncho ndikulembera inu amayi, abambo, agogo, ndi alezi a kumkombaphala amene mukuona zoterezi pa mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu, poti zikhoza kukhala zizindikiro za autism.

Autism ndi kakulidwe ka ubongo kosiyana ndi ka ana ena ambiri. Imaonekera pa mmene mwana amachezera ndi anthu, pa kuyankhula, pa kukonda kubwerezabwereza chinthu chimodzi, komanso pa mmene amamvera phokoso, kuwala, fungo ndi kukhudzidwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti pafupifupi mwana m'modzi mwa ana 100 amakhala nayo, ndipo imapezeka kwambiri mwa anyamata kusiyana ndi atsikana. Sipatsirana, ndiponso palibe jakisoni kapena piritsi loichotsa. Chimene chilipo n'chakuti ubongo wa mwana wamng'ono umaphunzira mofulumira, ndipo mwana akaphunzitsidwa msanga njira yopempha zimene akufuna, yosewerera ndi yomvera anthu, moyo wake ndi wanu umapepuka. Akatswiri a zimenezi kuno ndi owerengeka. Ngakhale mutamupeza m'modzi, adzamuona mwanayo ola limodzi pamwezi, pamene inu ndi anansi anu mumakhala naye usana ndi usiku. Ntchito yaikulu ili pakhonde panu pomwepo, ndipo mungaiyambe musanalandire pepala lililonse lakuchipatala.

Choyamba: yang'anani, lembani

Gulani kope la masamba ochepa, mumuonetsetse mwanayo masabata awiri. Mwana wa chaka chimodzi amacheuka akaitanidwa dzina, amabayibitsa, amakweza manja kuti anyamulidwe. Pofika miyezi 16 amakhala ndi liwu limodzi kapena angapo, ndipo pofika zaka ziwiri amalumikiza mawu awiri, monga "amayi madzi". Koma chimene muyenera kuchiyang'anitsitsa ndi kuloza. Ndege ikamadutsa kulowera ku Lumbadzi, mwana wa miyezi 18 amailoza kenaka n'kukuyang'anani, ngati akuti "mwaiona?" Sakupempha kanthu, akungogawana nanu chimwemwe chake. Mwana wanga ndege ankaiona ndithu, koma sankanditembenukira. Onaninso ngati amasewera zongoyerekeza, kubereka chitsononkho kumsana kapena kuphika nsima ya dothi, ndiponso ngati amagwedeza manja, kuyenda chanyang'ama, kapena kutseka makutu pakachitika phokoso.

Chizindikiro chimodzi pachokha sichikwana kunena kuti ndi autism. Koma ngati mwana anali ndi mawu kenaka n'kuwataya, musadikire masabata awiri aja, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Ngati muli ndi foni yojambula, mujambuleni mphindi ziwiri akusewera komanso mukumuitana, chifukwa ana ambiri akafika pamaso pa adokotala sachita zimene amachita kunyumba.

Chachiwiri: nenani kusikelo, ndipo makutu ayezedwe

Ambirife sikelo timaitenga ngati malo oyezera kulemera ndi kubayitsa katemera basi. Tsiku loyamba nditadandaula pachipatala china, anandiyankha kuti mwana ndi wonenepa bwino, adzayankhula yekha, ndipo ndinabwerera kunyumba ndili chete. Ndikanadziwa ndikanalankhula mosapita m'mbali: "Alangizi, mwanayu sacheuka ndikamuitana, saloza, ndipo alibe liwu ngakhale limodzi. Ndikupempha kuti aonedwe ndi adokotala, ndipo mulembe m'bukumu." Zikalembedwa m'buku lakuchipatala zimayenda nanu kulikonse. Kuchokera kuchipatala cha m'dera lanu, kaya ndi ku Kawale, Area 18 kapena Area 25, mutha kupempha kalata yopitira ku Kamuzu Central, kumene kuli madokotala a ana.

Pali zida zothandiza poyeza. Malawi Developmental Assessment Tool inakonzedwa kuno kwathu n'kusindikizidwa mu 2010, ndipo imaona kayendedwe, kagwiritsidwe ntchito ka manja, kuyankhula ndi kucheza kwa mwana pogwiritsa zinthu zimene mwana wa ku Malawi amazidziwa. Palinso M-CHAT-R, mafunso 20 oyankha kuti inde kapena ayi, a ana a miyezi 16 mpaka 30. Mafunsowa amangosonyeza mwana wofunika kuonedwa mozama, sagamula.

Makutu musawadumphe. Mwana amene samva bwino, mwina chifukwa cha mafinya a m'khutu kapena matenda oumitsa khosi, nayenso sacheuka ndipo sayankhula, koma thandizo lake ndi lina. Ku Area 47 kuli kiliniki ya makutu ya African Bible College. Auzeninso adokotala ngati mwanayo anabadwa movutikira, ngati anadwalapo malungo okomola, kapena ngati nthawi zina amangoti duu maso ali gwa kwa kanthawi osamva chilichonse. Khunyu limapezeka kawirikawiri mwa ana a autism, ndipo lokhalo lili ndi mankhwala.

Katemera musasiye. Wa chikuku amabayidwa pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, nthawi yomweyo imene zizindikiro za autism zimayamba kuoneka, n'chifukwa chake ena amazilumikiza. Mphekesera imeneyi inakula mu 1998 pamene dokotala wa ku Britain, Andrew Wakefield, analemba za ana 12 okha m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Nkhaniyo inapezeka kuti inali yachinyengo, magaziniyo inaichotsa mu 2010, ndipo iye analandidwa chilolezo cha udokotala.

Chachitatu: khalani pansi ndi achibale

Apongozi anga ankati lilime lamangika, tikalidulitse kunsi. Anthu ena a pampopi ankanong'ona kuti bambo ake anamukhwimira, poti chaka chomwecho anali atagula njinga yamoto ya kabaza. Mawu otere amapasula mabanja, ndipo amachititsa mayi kubisa mwana m'nyumba. Autism kwakukulu imayendera chibadwa, ndipo imayamba mwana asanabadwe. Sibwera chifukwa cha ufiti, chigololo, kapena kulera molakwika. Musalole kuti mwana atemedwe mphini, adulidwe lilime, kapena asalitsidwe kudya. Kupemphera n'kwabwino ndipo ine ndimapemphera, koma kumugwira mwana wotereyu mwamphamvu pakati pa anthu ofuula usiku wonse n'kumuzunza.

Chimene chinandithandiza si kukangana. Paulendo wachiwiri wakuchipatala ndinawatenga apongoziwo, anadzimvera okha, ndipo pobwerera mu minibasi anangoti, "Amake mwana, ndiye tizitani?" Lero ndiwo amamusambitsa.

Chachinayi: kuphunzitsa mwana m'zochita za tsiku ndi tsiku

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndichedwapo.

Yambani ndi kutsika. Yalani mphasa, khalani moyang'anizana naye, nkhope yanu ifanane msinkhu ndi yake. Musamulande chimene akuseweretsa kuti mumupatse chidole chimene inu mukuona kuti n'choyenera. Lowani m'masewera ake. Ine ndinatola zitsekerero zangazanga n'kuyamba mzere wanga pambali pa wake. Masiku atatu anachita ngati palibe munthu. Tsiku lachinayi ndinaika chitsekerero chimodzi pamutu panga, n'kuweramitsa mutu kuti chigwe, ndikunena kuti "gwa!" Anasiya mzere wake, anayang'ana chitsekererocho, kenaka anandiyang'ana m'maso. Ndinabwereza kasanu, ndipo kachisanu ndi chimodzi anatola yekha chitsekerero n'kuchiika pamutu panga. Kucheza kwathu kunayambira pamenepo. Akamenya chitini, inunso menyani chanu. Akatulutsa kaphokoso kalikonse, kabwerezeni. Mwana akaona kuti mukumutsanzira amayamba kukuonetsetsani, ndipo pambuyo pake amayamba kukutsanzirani inuyo.

Kenaka phunzirani kudikira, chimene kwa ife amayi n'chovuta kwambiri, poti tinazolowera kudziwa chimene mwana akufuna iye asanapemphe. Sankhani masewera amene amawakonda zedi: kumugirigisha, kumuuluzira thovu la sopo, kapena kumugoneka pachitenje anthu awiri n'kumamuyendetsa uku ndi uku. Masewera akafika pokoma, imani dala. Muyang'aneni mwachidwi, muwerenge chamumtima mpaka 10. Akachita chilichonse, kaya kukuyang'anani, kukoka chitenje, kapena kutulutsa liwu, nenani kuti "kenanso!" n'kupitiriza nthawi yomweyo. Akapanda kuchita kanthu, mugwireni dzanja mumuthandize kukoka chitenjecho, n'kupitiriza basi. Akuphunzira kuti zimene iye wachita zimasuntha munthu wina.

Pachakudya n'chimodzimodzi. Chitumbuwa musamupatse chonse, chinyemeni tizidutswa, kuti apeze mwayi wopempha kasanu m'malo mwa kamodzi. Nyamulani zinthu ziwiri pafupi ndi nkhope yanu: "Nthochi? Madzi?" Chimene wayang'ana kapena kutambasulira dzanja, chitchuleni dzina n'kumupatsa. Koma musamumane mpaka alire pofuna kuti anene liwu. Akayamba kukwiya, muthandizeni kuloza ndipo alandire.

Chepetsani mawu anu. Ngati sanayambe kuyankhula, inu nenani liwu limodzi: "Madzi." "Tsegula." "Nsapato." Akafika ponena liwu limodzi, inu nenani awiri: iye akati "madzi", inu muti "madzi ozizira". Siyani kumufunsa ngati mayeso, "Ichi n'chiyani? Nena! Tanena!" Ingotchulani zimene iye akuona ndi kuchita. Muyankhuleni m'chinenero chimene mumamasuka nacho. Ena amalangiza kuti muzimuyankhula Chingerezi chokha kuti asasokonezeke, koma mwana amene agogo ake, anzake ndi a pahokala amayankhula Chichewa akufunika Chichewacho.

Simufunika kupatula maola. Kusamba, kuvala, kudya phala ndi kugona ndiwo makalasi ake. Chitani chilichonse mwa ndondomeko imodzimodzi ndi mawu amodzimodzi: "Vula. Madzi. Sopo. Pukuta. Tatha." Pakapita masiku, siyani liwu lomaliza muone ngati angalimalize. Muonjezepo mphindi 10 kapena 15 za masewera a pamphasa, katatu patsiku. Pang'ono tsiku lililonse kuposa maola awiri Lamlungu lokha.

Manja ndi zithunzi sizichedwetsa kuyankhula, zimathandiza. Dulani chithunzi cha papaketi ya shuga, ya sopo, ya soya, mujambulitse kapu yake, chimbudzi ndi khomo la tchalitchi, mumate pakatoni. Akakubweretserani chithunzi cha kapu, wayankhula ndithu, mupatseni madzi mukutchula liwulo.

Za foni, ndikudziwa kuti imatipumitsa, ndipo sindiweruza mayi amene akufuna kuphika mwamtendere. Malangizo a WHO a 2019 akuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamaonere kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Foni siyambitsa autism, koma ola limene wagwira foni ndi ola limene sanayang'ane nkhope ya munthu.

Chachisanu: akalusa

Akadzigwetsa pansi, kudziluma kapena kumenyetsa mutu, lembani m'kope muja zinthu zitatu: chinachitika n'chiyani asanayambe, iye anachita chiyani, inu munatani. Pakatha sabata mudzaona njira yake. Kwa mwana wanga zinali chigayo, masipika a kutchalitchi, ndi makina ometera. Tinayamba kukhala benchi lakumbuyo pafupi ndi khomo, ndipo tsitsi timameta ndi sizasi kunyumba. Ena amalusa zinthu zikasintha mwadzidzidzi, choncho muchenjezeni: muonetseni nsapato musananyamuke, nenani kuti "kamodzi kenanso, kenaka tatha". Enanso ndi dzino, m'mimba, kapena tulo tochepa, kungoti alibe mawu onenera.

Zikayamba, chotsani mbaula ndi zonse zomupweteka, chepetsani anthu ndi mawu, khalani pafupi mpaka zitsike. Kumenya kumangoonjezera mantha. Kumumangirira ndi chingwe kapena kumutsekera yekha m'nyumba n'koopsa, makamaka moto ukabuka.

Ana ambiri a autism amathawa pakhomo ndipo amakopeka ndi madzi. Vundikirani chitsime ndi migolo, ikani chotsekera pamwamba pachitseko. Ndipo uzani anthu. Ine ndinayenda naye kwa mwini hokala, kwa anyamata a kabaza pasiteji, ndi kwa amayi ogulitsa tomato, n'kuwauza kuti, "Mukamuona yekha, musamuitane dzina poti sayankha, mungomugwira dzanja mumubweretse." Kawiri konse anabwezedwa asanafike ku M1.

Chachisanu ndi chimodzi: pezani anzanu, pangani gulu

Nokha mudzatopa. Funsani alangizi a zaumoyo, amfumu, amayi a Mvano kapena a Dorika, a kumphakati kapena a kumzikiti ngati akudziwa banja lina lokhala ndi mwana wochedwa kuyankhula. Iwo akafunse kaye banjalo ngati likufuna kukumana nanu, asamangotchula mayina a anthu. Mabanja atatu ndi okwanira kuyamba, ndipo sikofunika kuti ana onse akhale a autism.

WHO inakonza maphunziro a olera ana otchedwa Caregiver Skills Training, a mabanja a ana a zaka 2 mpaka 9 amene akuchedwa kukula. Amakhala ndi misonkhano 9 ya pagulu ndi maulendo 3 oyendera banja kunyumba, ndipo anapangidwa kuti aziphunzitsidwa ndi anthu amene si madokotala. Ife tinatengerako kachitidwe kake. Timakumana Loweruka masana m'kalasi ya Sande sukulu. Aliyense amanena chimodzi chimene chayenda ndi chimodzi chimene chavuta. Kenaka timatenga luso limodzi lokha, mwachitsanzo kudikira, awiri n'kuliyeseza wina akukhala ngati mwana, ndipo pomaliza aliyense amasankha nthawi imene akaliyese kunyumba, posamba kapena pakudya. Sabata ikamatha wina amayendera mnzake kukaona mmene zikuyendera. Diso la mnzako limaona zimene iwe suona: mayi wina ndiye anandiuza kuti ndimayankha ndekha mafunso anga mwana asanapume n'komwe.

Tinaikamonso kathumba ngati ka banki m'khonde kolipirira minibasi ya kuchipatala, ndipo timasinthana kusunga ana kuti wina apite kumsika kapena kumaliro. Abambo aitanidwe mwachindunji ndipo apatsidwe chochita, poti masewera onyamula ndi ozunguza amene ana ambiriwa amakonda amawatha bwino ndi iwo. Ana aakulu aphunzitsidwe masewera amodzi kapena awiri, koma mtsikana wa sitandade 5 asasiyitsidwe sukulu kuti akhale mlezi. Gulu likakhazikika, dziwitsani ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya boma la Lilongwe, ndipo lumikizanani ndi PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali, komanso FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, kuti akabwera ophunzitsa akupezeni muli pamodzi kale.

Chachisanu ndi chiwiri: kumkombaphala

Sukulu za mmera mpoyamba zimalandira ana kuyambira zaka zitatu, ndipo mwana wanu ali ndi ufulu wokhalapo ngati wina aliyense. Kambiranani ndi alezi musanamubweretse, muwauze zimene amakonda, zimene amaopa, ndi mmene amapemphera madzi kapena chimbudzi. Pitani naye kaye masana ana ataweruka kuti awadziwe malowo. Kenaka ayambe ndi theka la ola, inu mulipo, makamaka nthawi ya phala, n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Pemphani kuti azikhala malo amodzimodzi, pakhale kangodya kachete kothawirako phokoso likachuluka, ndipo asakakamizidwe kuimba pamzere. Mwana m'modzi wodekha woti azisewera pambali pake amathandiza kuposa gulu lonse. Alezi ambiri ndi ongodzipereka osalandira malipiro, ana ali nawo ochuluka, choncho pemphani chinthu chimodzi panthawi, ndipo muwathokoze.

Sitandade 1 imayamba pa zaka 6. Chaka chimodzi nthawiyo isanakwane, pitani kwa mlangizi wa zamaphunziro wa zoni yanu mufunse sukulu imene ili ndi mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera. Aphunzitsi otere amaphunzitsidwa ku Montfort, ku Chiradzulu.

Kope lija musalitaye. Kumapeto kwa mwezi uliwonse lembani zatsopano zimene mwana wachita, ndipo muzipita nalo kuchipatala. Ana ena amadzayankhula bwinobwino, ena amakhala ndi mawu ochepa, ena amayankhula ndi manja ndi zithunzi moyo wawo wonse, ndipo palibe angakuuzeni pa zaka ziwiri kuti wanu adzafika pati. Muyerekezeni ndi mmene iye analili mwezi watha, osati ndi mwana wa aneba. Wanga tsopano ali ndi zaka zisanu. Patsamba la mwezi wathawu ndinalemba kuti wavala yekha kabudula kawiri, wakhala kumkombaphala mpaka nthawi yoweruka masiku anayi, chigayo akuchiopabe, ndipo Lachitatu anabweretsa chithunzi cha kapu kwa agogo ake n'kunena kuti "gogo, madzi."